Chidindo cha Rumphi pa Kalata ya Oyendetsa Ndege

Aphungu,

M'mawa uno kwacha ndi mphepo yozizira yotsika ku Nyika, ndipo malata a nyumba yathu akhala akulira chiyambire mbandakucha. Ngolo za ng'ombe zikudutsa pamsewu ndi mabelo a fodya, chigayo cha pa Bolero chayamba kale kugunda, amayi apita kukwaya. Ndatsala ndekha, ndiye ndati ndikulembereni mtima usanabwerere m'mbuyo.

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndili Fomu 2. Ndinakulira ku Lilongwe, koma chaka chatha amayi, omwe ndi aphunzitsi, anawasamutsira kuno kwawo ku Nkhamanga monga zinachitikira ndi aphunzitsi ena ambiri. Anzanga ndilibe kwenikweni. Ndikalankhula Chitumbuka amaseka kuti ndikuchitafuna ngati chimanga chokazinga, choncho ndimangokhala chete n'kumaona. Chimene ndimakonda n'kusunga masitampu ndi maenvulopu akale m'buku. Musaiwale mfundo imeneyi, Aphungu, chifukwa ndi imene ikundichititsa manyazi koposa.

Adada anatsala ku Lilongwe. Amayendetsa ndege yonyamula katundu. Kampani yawo ndi yaing'ono, ili ndi ndege ziwiri zakale ndi oyendetsa khumi. Popita kunja amanyamula tsabola ndi maluwa, pobwera amatenga mankhwala ndi zitsulo za makina.

Kumayambiriro kwa chaka chino ndege imodzi inafa injini. Abwana analengeza kuti oyendetsa anayi apita ku tchuthi chopanda malipiro kufikira ndegeyo idzakonzedwe, ndipo anayiwo adzawasankha okha abwanawo. Mwina muganiza kuti vuto ndi malipiro basi. Ayi. Adada anandifotokozera kuti woyendetsa ndege akakhala miyezi yambiri osauluka, laisensi yake imagona, ndipo kuti aidzutse ayenera kukayesedwanso kunja kwa dziko, zimene munthu wongokhala pakhomo sangakwanitse. Tchuthi chotere ndi kuchotsedwa ntchito, kungoti akukutchula mwaulemu.

Oyendetsawo ali ndi kabungwe kawo koona za pantchito. Anagwirizana zolembera kampani kupempha zinthu ziwiri: kuti tchuthicho chikhale chosinthana, aliyense miyezi itatu, kuti pasafe laisensi ya munthu, komanso kuti otsala pantchito azipatsidwa maola okwanira ogona asanaulukenso. Palibe china. Koma inu mukudziwa kuti masiku ano anthu khumi akasayina pepala limodzi, funso loyamba silikhala lakuti akupempha chiyani. Limakhala lakuti wayambitsa ndani.

Pa Isitala adada anali kuno pa tchuthi chawo cha pachaka. Loweruka masana kunafika galimoto ya a Bizwick, mnzawo wa ku Ntcheu amene akhala akuuluka naye m'ndege imodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi munthu wanthabwala. Atatsika, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, anati, "Manasseh, msewu wakwanu uwu! Ndikadadziwa ndikadabwera pa ndege n'kudzangodumphira padenga."

Atakhala pansi anatsegula buku la nyimbo n'kutulutsamo mapepala awiri. Lina linali ndi mawu a pempho olembedwa pamanja. Linalo linali la mayina, koma osati pamndandanda. Anachita kuvundikira mbale papepala, n'kuzunguliza pensulo, kenako aliyense anasayina kuchokera pamzere wozungulirawo kuloza pakati, ngati masipoko a njinga. Panatsala mpata umodzi wa adada. Atasayina anazunguliza pepalalo ndi chala n'kundiitana. Anati, "Waona, Yakobe? Apa palibe woyamba, palibe womaliza. Afune mutu mpaka atope."

Amayi anatayipa pempholo pa tayipi yawo, chifukwa zilembo za matayipi a ku ofesi abwana amazidziwa. Itafika nthawi yoti a Bizwick abwerere nayo kalata, anakana. Anati, "Pa rodibuloko anatsegula chilichonse. Bukuli analigwira m'manja, ine ndikuimba nyimbo zonse zili momwemo mumtima. Kachiwiri sindidutsa nayo, achimwene. Ndili ndi ana asanu."

Ndiye anapangana kuti kalata ipite ndi asibweni a Donald, mlongo wawo wa amayi, amene amayendetsa lole ya fodya kupita ku okushoni. Lachiwiri m'mawa adada anandipatsa envulopu. Anati, "Ukawapatse asibweni ako m'manja. M'manja, wamva? Akaiponye ku Lilongwe." Chifukwa chake sanandiuze, inenso sindinafunse.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Boma. Asibweni ndinawapeza pamsika atatsamira lole, anthu atawazungulira, ena mwa iwo anyamata aja ofunsa makadi a chipani pachipata. Asibweni pakamwa sipatsekeka. Atangondiona anakuwa, "Uyu ndiye mwana wa mlamu wanga wouluka uja! Iwe, adada ako akupatsira chiyani cha ine? Za ku Nairobi? Tulutsa tione tonse!" Anthu onse anatembenuka akuseka. Envulopu inali m'kati mwa malaya, ndipo ndinaimva ikutentha pamimba. Ndinati, "Palibe, asibweni, ndangobwera kudzagula sopo."

Ndinaganiza kuti kalata imeneyi ikalowa m'thumba la asibweni, pofika ku Ekwendeni dziko lonse likhala litaimva. Positi ofesi inali pafupi. Ndinagula sitampu n'kupereka envulopu pakauntala. Mayi wa pamenepo anaimenya chidindo ndikuona, gwa! Ndinabwerera ndikuimba mluzu, ndikudziyesa wochenjera kuposa akulu onse. Adada atafunsa kuti, "Wawapatsa?" amayi anali pomwepo akusita. Kunena kuti sindinawakhulupirire mlongo wawo kunandikanika. Ndinati, "Enya, adada."

Masabata awiri apitawo adada anabwera pa basi ya Lachisanu nkhope itagwa. Loweruka masana ndinali kumata chubu cha njinga kuseri kwa zenera pamene ndinamva akuuza amayi. Anati, "NyaLuhanga, andiitana ndekha. Pa anthu khumi, ine ndekha." Akuti abwana anaika kalata patebulo n'kunena kuti, "A Chirambo, mwazunguliza bwino mayina anu, koma ine ndikudziwa kumene kalatayi yachokera. Makalata otere masiku ano ali ndi dzina lake. Dzinalo ndikakalitchula kwa oyenera, tchuthi chanu simukachitira kwanu."

Amayi anafunsa kuti adziwa bwanji. Adada anati, "Kunja kwa nyumba ino, wodziwa kuti inatayipidwa pano ndi mmodzi. Ndi yemwe uja anakana kuinyamula." Amayi anati, "A Chirambo, munthu uja wadya pakhomo pano kangati?" Adada anati, "Yudasi anadyanso."

Ine poyamba ndinakhulupirira, mpaka ndinawada a Bizwick kwa maola angapo. Dzuwa litapendeka ndinatsegula buku langa kuti ndiiwale. Envulopu yoyamba: Zomba. Yachiwiri: Mzimba. Yachitatu: Kasungu. Iliyonse ili ndi chidindo chozungulira, dzina la malo ndi tsiku. Aphungu, ndakhala ndikusanja maenvulopu anga potsata zidindo zimenezi kwa zaka zinayi. Pa oyendetsa khumi aja wa ku Rumphi ndi mmodzi, ndipo sabata imeneyo anali kwawo pa tchuthi. Akulu khumi anabisa mutu ndi mbale, ine ndinaulemba pa envulopu.

Tsopano zinthu zili chonchi. Kampani yavomera kukumana ndi kabungwe kaja Lachinayi pa 14 Juni. Lachitatu lake oyendetsa akumana paokha, ndipo adada auza amayi kuti akaimirira pamenepo n'kutchula a Bizwick kuti ndi kazitape. Dzina limenelo munthu silimuchoka. Ndipo akakagawanika Lachitatu, Lachinayi akalowa mu ofesi aliyense ndi mantha ake, abwana n'kusankha anayi awo mosavuta. Pakadali pano awiriwa akuulukabe limodzi, koma akuti m'ndege salankhulana kupatula mawu a ntchito. Ndikamva kulira kulikonse kumwamba ndimatuluka panja. Akazi a Bizwick, a Lettie, alembera amayi kufunsa chimene amuna awo alakwa. Amayi kalatayo aiika m'Baibulo, sanayankhe.

Asibweni abwera kuno kawiri. Palibe amene wawafunsa, poti anapangana kuti nkhaniyi isatchulidwenso. Nthawi zonse ziwiri ndinathawira kudimba.

Adada sanandimenyepo. Chimene ndikuopa ndi mawu awo amene amakonda kunena, akuti m'ndege cholakwa chimakhululukidwa, koma wobisa cholakwa samukwezanso. Ine ndabisa kwa masabata asanu ndi limodzi. Abweranso Lachisanu pa 8. Kodi ndiwauze? Kapena ndilembere abwana awo kuti kalata ndinaponya ndine, adada sanadziwe? Kapena ndiwalembere a Bizwick osasayina dzina? Nthawi zina ndimadziuza kuti mwina a Bizwick anauliladi, mwina chidindo abwana sanachione n'komwe. Ndikaganiza choncho ndimadya bwino tsiku limenelo, koma m'mawa mwake zimabwereranso.

Ndithandizeni. Yewo chomene.

Y.C., Rumphi


Y.C. mwana wanga,

Uwauze. Ndayamba ndi yankho chifukwa masiku ako ndi ochepa.

Uwauze Lachisanu lomwelo pa 8, akangosamba m'manja ndi kumwa madzi. Usadikire nthawi yabwino, chifukwa nkhani ngati iyi ilibe nthawi yabwino, ndipo ukadikira udzapezeka utaima pasiteji Lamlungu ukubayibitsa basi. Ngati ukuopa, yamba wauza amayi ako Lachinayi, akhale nawe pamenepo. Usaope kuti akhumudwa ndi za mlongo wawo. Anakula naye m'nyumba imodzi, pakamwa pake amapadziwa kuposa iwe.

Tsono ukayambire pati? Osati pamsika. Ndaona m'kalata yako kuti za pamsika wazilemba bwino kwambiri, anthu otembenuka, envulopu yotentha, mpaka inenso ndinatsala pang'ono kukuwombera m'manja. Ukayambira pamenepo adada ako adzamva mlandu wa asibweni, osati wako. Uyambe ndi mawu awa: "Adada, ndinakunamizani. Kalata ija sindinawapatse asibweni. Ndinaiponya pa Boma." Ukatero ukhale chete. Zina zonse ayambe afunsa okha.

Ndikuuze moona mmene ine ndikuonera mlandu wako. Kusapereka kalata pagulu lija sikunali kupusa. Mwina unapulumutsa anthu. Kuiponya pa Rumphi kunali kulakwa, koma kulakwa kumeneko ugawane ndi akulu amene anakusenzetsa katundu wolemera chonchi osakuuza chifukwa chake cha Lilongwe. Mawu ochepa okha onena za chidindo akadakwanira. Chako chenicheni, chimene sungagawane ndi wina, ndi "Enya" uja. Ukadanena zoona tsiku lomwelo, adada ako akadalowa mu ofesi ija akudziwa chimene chili pa envulopu, ndipo mnzawo sakadamutaya. Bodzalo linali laling'ono tsiku loyamba. Lero lakula mpaka lakwera ndege n'kukhala pakati pa anthu awiri amene moyo wawo umadalira kumvana.

Maganizo aja akuti mwina a Bizwick anauliladi, ataye. N'zoona sudziwa zonse zimene abwana akudziwa, inenso sindidziwa. Koma si ntchito yako kuweruza a Bizwick. Ntchito yako ndi kuika patebulo chimene ukudziwa iwe, kuti adada ako asaweruze munthu ali ndi theka la nkhani. Kukhala chete chifukwa cha "mwina" ndi kulola kuti bambo wa ana asanu alipire chakudya chako chokoma cha tsiku limodzi.

Abwana usawalembere. Ndikubwereza: usawalembere. Kalata ya mwana wasukulu yonena kuti pepala linachokera m'nyumba mwanu ndi mphatso imene iwo sanailote n'komwe. A Bizwick usawalemberenso. Kalata yopanda dzina ndi imene yadzetsa mavuto ambiri m'dziko muno kuposa dzombe, ndipo kupepesa kwa a Bizwick ndi ngongole ya adada ako, ayende okha. Iwe udzapepesa pambuyo, maso ndi maso, pamodzi ndi asibweni ako amene unawauza za sopo.

Adada ako akakhazika mtima pansi, uwapatse kalata yangayi awerenge ndime ino. Bambo Chirambo, pitani kwa mnzanu Lachitatu lisanafike, osati pa telefoni ya ku positi. Pa msonkhano wa Lachinayi musalolenso kuti aliyense aitanidwe payekha: lowani nonse, tulukani nonse. Pemphani kuti mlangizi wa zantchito wa boma akhalepo, chifukwa nkhani ikakhala pamaso pa ofesi yoyenera n'kovuta kuti wina aipatse dzina lina. Musachoke pa mfundo zanu ziwiri, kusinthana tchuthi ndi maola ogona. Akakufunsani za Rumphi, yankhani zoona ndi mwachidule: akazi anu ali ndi tayipi. Kukhala ndi tayipi si mlandu.

Za mawu aja akuti wobisa cholakwa samukwezanso, mwana wanga, wawamva theka. Munthu amene amaphunzitsa zimenezo amadziwanso kusiyana kwa amene wabwera yekha kudzanena ndi amene wachita kugwidwa. Lero ukadali ndi mwayi wokhala woyambayo. Asibweni ako akadzangofunsa patebulo kuti, "Kodi sopo uja unam'peza?" mwayiwo watha. Adada ako akwiya, mwina osakulankhula masiku angapo. Upirire. Sizidzakupha.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili. Kalata yako yafika pa desiki langa ili ndi chidindo chomwe chija: Rumphi, 28 Meyi. M'kati muli mayina enieni a anthu, masiku a misonkhano, ndi mawu a abwana monga anawanenera. Yadutsa m'manja angati isanandipeze? Uli ndi maso akuthwa, koma umaona anthu n'kuiwala pepala. Kuyambira lero, chimene chingathe kunenedwa pakamwa usachilembe. Kalata yako sindiisindikiza tsopano. Yankholi ndalitumiza kusukulu kwako mu envulopu wamba, ndipo ukatha nalo ntchito ulisonkhezere moto.

Aphungu


Owerenga, makalata awiri ali pamwambawa ndi a miyezi inayi yapitayo. Ndawatulutsa lero nkhaniyo itatha, bambo a mnyamatayu atavomera, ndipo mayina ndasintha. Mwezi wa Julaye ndinalandira kapepala kena, kobwera pamanja ndi woyendetsa lole wina wolankhula kwambiri. Kanati:

"Aphungu, ndinawauza Lachisanu. Adada anangofunsa amayi ngati basi ya Loweruka m'mawa ikadalipo. Anapita osanditsanzika.

"Pa 14 analowa onse khumi. Za kusinthana tchuthi kampani yavomera. Za maola ogona yakana, akuti adzaonanso ndege ina ikadzakonzedwa. Anayi oyamba kupita kwawo abwana anasankhabe okha, ndipo dzina loyamba linali la adada.

"Loweruka pa 30 Juni masana galimoto inaima pakhomo. Anatsika adada ndi masutikesi awiri. Akhala kuno mpaka kumapeto kwa Seputembala. Woyendetsa anali a Bizwick, anabwera ndi a Lettie, anagona masiku awiri. A Bizwick anandikoka khutu n'kunena kuti, 'A positimasitala, muli bwanji?' Tchuthi cha a Bizwick chiyamba adada akadzabwerera. Asibweni a Donald anafika Lamlungu, akuti sadzandikwezanso lole mpaka ndidzawagulire sopo.

"Adada anayamba kundilankhula Lachiwiri. Anatulutsa m'thumba la jekete envulopu ija, akuti anaipempha kwa abwana msonkhano utatha. Anati, 'Ika m'buku lako.' Ndaiika patsamba lakelake."